Tsiku limene chisoso changa chinajambulidwa ku Westcliff

Kuno ku Joni kuli mwambo umene agogo anga ku Ntcheu atamva angaseke mpaka kutsokomola. Anthu a ndalama a ku Westcliff, Parktown ndi Houghton amatsegula mageti awo kamodzi pachaka, alendo n'kumalipira pakhomo kuti aone maluwa. Kuona basi. Sathyola, sadya. Amanunkhiza, kujambula, kumwa tiyi ndi sikono, n'kumapita. Ndalamazo amathandizira ana amasiye kapena okalamba. Zimachitika kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, jakaranda atachita maluwa misewu yonse.

Ine ndimasamalira maluwa kwa adona ena ku Westcliff, ndipo chaka chatha anati nafenso titsegule. Kuyambira tsiku limenelo tulo ndinatsanzikana nato. Nyengo yotentha lamulo la mzinda limaletsa kuthirira ndi payipi kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, ndiye ndinkadzuka kukadali mdima, mbalame zaphokoso zija amati hadeda zisanayambe kukuwa. Usiku ndinkasaka nkhono ndi tochi m'mizere ya agapanthus ndi clivia. Kapinga ndinatchetcha mpaka adona anandiletsa kuyendapo, ine amene ndinamulera.

Koma kuseri kwa mpanda wa mitengo, pafupi ndi dzenje la manyowa, ndili ndi kadimba kanga. Muli nkhwani, bonongwe, luni ndi chisoso. Musandiweruze. Munthu wakwathu sangadye sipinachi ndi kabichi wa m'shopu chaka chonse n'kukhalabe wolongosoka m'mutu. Nthangala za maungu anandibweretsera kondakitala wa basi pa Park Station. Chisoso chinamera chokha, ine ndinangochilemekeza ndi madzi. Kuno amachitcha blackjack ndipo amadana nacho koopsa. Adona ankadziwa kuti kuseriko kuli manyowa basi, ndipo anandiuza ndimangepo chingwe kuti alendo asapiteko. Ndinamanga.

Za tsikuli ndinauza munthu mmodzi yekha, mlamu wanga wa ku Rosettenville. Ndinangoti, “Alamu, Loweruka sindipezeka, tikutsegula munda.” Iwo anakalemba pa gulu la WhatsApp la kumpingo kuti achimwene akutsegula dimba, ofuna ndiwo abwere ndi majumbo awo.

Loweruka zinthu zinayamba bwino. Ndinavala ovololo yatsopano, ndikuloza alendo koyenda. Cha m'ma 11 koloko ndinamva minibasi ikuima pageti, kenako mawu amene ndingawazindikire ngakhale nditagona: “Mwati zingati? Chepetsani, mwanangu, tabwera ambiri.” Anali amayi osunga chuma kumpingo kwathu akunenerera tikiti ya ana amasiye. Kumbuyo kwawo kunali azimayi odzaza minibasi yonse, zitenje m'chiuno, majumbo m'manja, wina atasenza beseni.

Analipira ndithu, ngakhale modandaula. Anadutsa marozi onse amene ndinawavutikira osatembenuza n'khosi lomwe. Atandipeza, mayi wina anati, “Achimwene, zokongoletsazi taziona. Ndiwo zili kuti?” Ndinati kuno kulibe ndiwo. Nthawi yomweyo amayi achuma analoza pamwamba pa mpanda, pamene mphukira ya dzungu inali itasuzumira. Dzungu silisunga chinsinsi. Chingwe changa chija anachilumpha mmodzimmodzi, atakweza zitenje pang'ono.

Alendo achizungu ataona gulu likukhamukira kuseri anaganiza kuti ndi gawo la pulogalamu, n'kulondola. Patsogolo pawo panali gogo wina wa chipewa chachikulu, siketi yaitali yofika m'mapazi, kabuku ndi cholembera m'manja. Anapeza azimayi akuthyola bonongwe, ena atakhala kale pansi akusenda nkhwani. Gogoyo anandifunsa kuti malo ano ndi a chiyani. Pakamwa panga panayankha pokha, mutu usanavomereze: ndinati ndi munda wa mbewu zamakolo za ku Malawi. Anaomba m'manja. Analowa pakati pa chisoso, kugwada, kujambula kaduwa kake kachikasu mbali zonse. Chikhala kuti chili m'munda mwake, akanachizula ndi mizu yomwe, koma poti analipira pakhomo, chinasanduka chamtengo wapatali.

Ndipamene adona anatulukira, thireyi ya sikono m'manja. Anayang'ana nkhwani, anayang'ana beseni, n'kudzayang'ana ine. Ndinayamba kuwerengera mumtima mtengo wa basi yopita ku Ntcheu kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza. Asanatsegule pakamwa, gogo wa chipewa anawakumbatira, akuti m'minda yonse imene wayenda sanaonepo nzeru yotere. Adona anamwetulira ndi mano okha, maso ali pa ine.

Amayi achuma sataya mwayi. Anayamba kumanga ndiwo m'mipukutu, kugulitsa kwa azungu, ndalama n'kumaponya m'chitini cha ana amasiye, uku akuphunzitsa kaphikidwe: madzi pang'ono, kasoda, tomato, kenako nsinjiro, ndipo wopanda nsinjiro athire chiponde cha m'botolo. Bambo wina wa kabudula anagula luni mipukutu iwiri. Ndinafuna kumuchenjeza kuti ameneyo amawawa, koma ndinaona kuti aliyense ali ndi ulendo wake. Ine ndinangoima ngati mlendo pamaliro a eni, kuonerera ndiwo zanga za mwezi wathunthu zikutuluka pageti m'majumbo.

Pochoka, siketi ya gogo uja inali yakuda bii kuchokera m'mawondo kutsika, nthangala za chisoso zitamatirira paliponse. Mnzake anafuna kumuchotsa kuti ataye, iye anakana. Anapempha envelopu, n'kuzitola imodziimodzi, kuzisunga bwinobwino m'chikwama. Adona anali atandilangiza m'mawa kuti mlendo sitimutsutsa. Ndinamvera.

Lolemba anandiitana kukhitchini. Anati ndiwo zinabweretsa ndalama kuposa sikono zawo, ndipo zimenezi zinaoneka kuti zawapweteka kuposa china chilichonse. Chigamulo chinali chakuti kadimba kakhale, ndikakulitse, ndibzale m'mizere, chomera chilichonse chikhale ndi kachikwangwani. Koma kuyambira tsopano ndiwozo ndi za ana amasiye. Ndikafuna nkhwani, ndiziponya kaye ndalama m'chitini. Mlamu wanga mpaka lero amati ndimuthokoze chifukwa anandikweza pantchito.

Mu Febuluwale, mvula ili pakati, foni inalira, nambala yachilendo. Anali mnyamata wa ku Mangochi amene amasamalira maluwa ku Saxonwold. Sanandipatse n'moni womwe.

“Achimwene, ndinu munapatsa adona anga mbewu ija?”

Ndinati mbewu yanji.

“Chisoso! Anachifesa pakati pa marozi, chadzaza paliponse mpaka kwa aneba. Ndikati ndizule akuti ndisakhudze, n'chochokera ku Malawi. Galu akalowa m'nyumba ndimakhala ola lathunthu ndikumutola nthangala m'bweya. Panopa andituma kwa inu.”

Ndinafunsa kuti adzatani.

“Akufuna bonongwe.”