Tsiku limene apongozi anavula nsapato pa khonde langa latsopano

Nyumba yathu ya ku Salima, chakufupi ndi Senga Bay, ili ndi khonde la matabwa lokwezedwa pa mizati, ndipo amene anatigulitsa nyumbayo analimanga ndi paini wosathira mankhwala. Aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja akudziwa zimene chiswe chimachita ndi paini wotere: chimadya m'kati monse n'kusiya pamwamba pali bwinobwino ndi vanishi yemwe, kotero kuti mwini nyumba amadzazindikira phazi la munthu litamira kale. Kwathu linamira phazi la mnyamata wowerenga mita ya madzi, ndipo bilu ya mwezi umenewo ndimaikayikirabe mpaka lero.

Kalipentala amene ndinamuitana, bambo wachikulire wodziwika m'dera lonselo, anagogoda matabwawo ndi hamala n'kundiuza kuti ndisankhe. Panali paini wa ku Chikangawa wothiridwa mankhwala oteteza ku chiswe ndi kuola otchedwa CCA, uja wooneka mobiriwira, amene wa chizindikiro cha H3 amakhala panja koma osakhudza dothi, pamene wa H4 ndi wozika pansi. Paini ameneyu ndi wotchipa, koma amafuna kupakidwa mafuta chaka ndi chaka, ndipo ine ndimadzidziwa kuti chaka chachiwiri sindingafike. Panali mlombwa, umene chiswe chimauopa, koma mtengo wake ndi mapepala a anthu a zankhalango zinandiziziritsa nkhongono. Kenako mkuluyo anatsitsa mawu n'kutchula mkungudza. Ndinakana msangamsanga, pakuti mkungudza ndi mtengo wa fuko kuyambira 1984, watsala pang'ono kutheratu pa phiri la Mulanje, ndipo kuudula n'koletsedwa. Sindinafune khonde limene fungo lake lokoma likanaitana apolisi.

Chimene sindinamuuze n'chakuti mtima wanga unali utagwa kale pa matabwa a composite amene ndinawaona m'sitolo ina ku Lilongwe, ochokera ku South Africa. Matabwa amenewa amapangidwa posakaniza utuchi ndi pulasitiki, ndipo wogulitsayo anandilonjeza kuti safuna vanishi, sabaya kumapazi, komanso chiswe sichiwalawa. Mkazi wanga anafunsa chifukwa cholipirira ndalama zochuluka chotere pogula pulasitiki wofuna kuoneka ngati thabwa pamene thabwa lenilenilo lilipo. Ndinamuyankha kuti dziko lapita patsogolo, ndipo ndinasankha mtundu woderapo kwambiri, wotsala pang'ono kukhala wakuda.

Ntchito inagwiridwa mu Juni, mwera ukuwomba, anthu atavala majuzi. Matabwawo anabwera ndi pepala la malangizo komanso thumba la tizitsulo tomangira, timene timasiya mpata wa mamilimita 5 kapena 6 pakati pa thabwa ndi linzake. Pepalalo linanenanso kuti kunsonga kwa matabwa kukhale mpata, ndi kuti mitanda ya pansi isatalikirane kupyola masentimita 40. Kalipentala analiwerenga atavala magalasi, n'kulipinda mwaulemu. Anati, "Abwana, mpata pakati pa matabwa ndi chizindikiro cha mmisiri wophunzira kumene. Ine ntchito yanga ngakhale singano siilowa." Mitanda yakale, yotalikirana masentimita 60, anaigogoda n'kunena kuti idakali yamoyo, ndipo anaipaka oilo wakuda wa galimoto. Popeza ndalama zonse zinali zitathera ku matabwa a pamwamba, maganizo amenewa ndinawaona kuti ndi anzeru zakuya.

Mu Okutobala kunabwera alendo olemekezeka: apongozi anga aakazi ochokera ku Dedza, pamodzi ndi malume a mkazi wanga, bambo wathupi lodalitsika, amenenso anali ankhoswe pa ukwati wathu. Anafika dzuwa lili paliwombo. Apongozi ataona khonde likunyezimira, anaima pa masitepe n'kuvula nsapato zawo, pakuti munthu woleredwa bwino sapondetsa fumbi pa chinthu chokongola cha eni ake. Ine ndinali nditanjuta chapatali monga mkamwini ayenera kuchitira, ndipo ngakhale ndinkadziwa kuti pulasitiki wakuda akakhala padzuwa la ku Salima amatentha mpaka kupyola madigiri 60, mwambo sunandilole kukuwa, kuwathamangira, kapena kuwagwira dzanja.

Mapazi atatu oyamba anawaponda mwaulemu wonse. Kuyambira lachinayi, mayi wa zaka zoposa 70, amene anatsika m'minibasi akudandaula za maondo, anayamba kusinthanitsa mapazi ngati mtsikana wotsogolera chimtali, mpaka anakafika pamthunzi wa pakhomo. Sanalire, ndipo ine sanandiyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa mwana wawo n'kufunsa modekha kuti, "Kodi iwe, amuna akowa asonkha moto pansi pa nyumba?"

Mkazi wanga anathamangira mphasa kuti ayale, koma mphasayo inakana kugona. Matabwa amene anapanikizidwa m'nyengo yozizira anali atafutukuka ndi kutentha, ndipo posowa kolowera anatukumuka pakati, ena n'kudzutsa nsonga zawo m'mwamba. Pulasitiki akatentha amatalika, ndipo thabwa la mamita angapo limawonjezera mamilimita angapo, amene amaoneka ochepa pa pepala koma ndi okwanira kugubuduza botolo la zakumwa kuchokera kwa mlendo mmodzi kukafika kwa mnzake popanda woligwira. Malume anati zimenezi n'zothandiza, chifukwa ana sakuvutika kuperekera.

Dzuwa litapendeka tinakhala pansi kudya, ndipo malume tinawapatsa mpando waukulu chapakati pa khonde. Composite alibe msana wolimba ngati thabwa lenileni, ndipo akafewa ndi dzuwa pa mitanda yotalikirana amawerama. Ndinaona mpandowo ukupendekeka pang'onopang'ono, koma ndinaganiza kuti malume akufuna kuyandikira mbale ya chambo. Kenako pansi panamveka kuti thyo! Mtanda umodzi, umene chiswe chinali chitaudya kuseri kwa oilo uja, unagonja. Malume sanagwe mwamanyazi ayi. Anatsika mwadongosolo, iwo ndi mpando wawo, matabwa akuwaperekeza, mpaka patsala chifuwa ndi mutu, mbale ili m'manja osatayako ngakhale msuzi. Ali m'dzenjemo anayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti, "Akamwini, chiswe chanu n'chonenepa bwino. Koma matabwa a pamwambawa sichinawakhudze m'pang'ono pomwe." Apa ndiyenera kumuchitira umboni wogulitsa uja, chifukwa lonjezo lake linasungika ndithu.

M'mawa mwake kalipentala anabwera, nayang'ana bwinja lija manja ali m'chiuno, n'kunena kuti iye ananena za mlombwa kuyambira pachiyambi. Tinazula zonse. Pansi tinaika mizati ya paini wa H4 ndi mitanda ya H3 yotalikirana masentimita 35, ndipo matabwa amene sanapindike kwambiri anabwerera m'malo mwake pogwiritsa ntchito tizitsulo tija, titatilanda kwa ana amene ankaseweretsa bawo. Pamwamba tinamanga denga la udzu, limene mkazi wanga akuti likanateteza bwinobwino khonde la paini pa mtengo wochepa kwambiri.

Vuto latsala ndi la ku Dedza. Apongozi atabwerera kwawo kozizira anakauza mudzi wonse kuti mkamwini wawo ndi wolemera kwabasi, moti anaika magetsi otenthetsa pansi pa khonde. Kuyambira pamenepo foni yanga siipuma. Ena akupempha ndalama za feteleza, ena za fizi, ndipo nyakwawa yatuma mthenga kufunsa ngati ndingaikirenso iwo mwezi wa Juni usanafike.