Sabata imodzi ndi mapepala a ku Lovedale

Sabata imeneyi tidagwira ntchito yosamalira makalata ndi mabuku akale a Lovedale, sukulu ya mishoni ya ku South Africa. Lolemba ndi Lachiwiri zidathera pa kuchotsa mapini. Makalata a m'zaka za m'ma 1800 ankawagwirizitsa ndi mapini achitsulo, ndipo dzimbiri limadya pepala mpaka kuboola. Pini yotere sitizula mwamphamvu. Timaisuntha pang'onopang'ono, kenako makalatawo timawaika m'pepala lopinda lopanda asidi. Cholembera ndi pensulo basi. Magolovesi sitivala, chifukwa chala chovala sichimva kuti pepala layamba kung'ambika. Kusamba m'manja n'kuumitsa bwino n'kokwanira.

Inki ya nthawiyo inali ndi chitsulo, choncho pomwe mlembi adadinikiza kwambiri, zilembo zimapsereza pepala. Chinyezi chimakulitsa vutoli, ndipo chikapitirira 65 peresenti nkhungu imayamba.

Lachitatu tidalowa m'mabuku a sukuluyo. Lovedale idatsegulidwa mu 1841 pafupi ndi mtsinje wa Tyhume ku Eastern Cape, ndi ophunzira 20: akuda 11, azungu 9. Mphunzitsi wamkulu woyamba, William Govan, ankafuna kuti onse aphunzire zofanana, Chilatini ndi Chigiriki chomwe. James Stewart, amene adatenga udindowo mu 1870, adakokera ku maphunziro othandiza pa ntchito. Ukalipentala, kusula zitsulo ndi kupanga ngolo zidayamba kale m'ma 1850 ndi ndalama za bwanamkubwa George Grey, ndipo kusindikiza ndi kusoka mabuku kudabwera mu 1861. Masana ophunzira ankagwira ntchito zamanja, kulima ndi kukonza misewu. Sukulu ya atsikana idatsegulidwa mu 1868, woyang'anira ali Jane Waterston.

Wongowerenga za m'kalasi anganyengeke. Akuda ndi azungu ankaphunzira limodzi, inde, koma ankagona kosiyana ndipo ankadyera pa matebulo osiyana, chakudyanso chosiyana. N'chifukwa chake mabuku a fizi ndi a kukhitchini, amene ofufuza ambiri amawalumpha, timawalemba m'kaundula mosamala ngati makalata a mphunzitsi wamkulu.

Lachinayi lonse lidapita ndi mayina. Ophunzira anayi adatsagana ndi Stewart ku Nyanja ya Malawi mu 1876 kukathandiza mishoni ya Livingstonia: William Koyi, Mapassa Ntintili, Shadrach Mngunana ndi Isaac Wauchope. Mngunana pena amalembedwa Ngunana, Wauchope pena Isaac Williams. Kalembedwe kalikonse timakalowetsa m'kaundula n'kukalozera ku dzina limodzi, apo ayi wofufuza aziyesa anthu awiri. Za Koyi ndizo ofufuza amafunsa kawirikawiri, poti adagwira ntchito pakati pa Angoni mpaka imfa yake ku Njuyu mu 1886.

Lachisanu tidajambula mabuku a makope a makalata. Mapepala ake ndi opyapyala moti zilembo za tsamba lotsatira zimaonekera, ndiye timaika pepala loyera kuseri kwa tsamba lililonse tisanajambule. Masamba amene amamatirana sitikakamiza. Timawalemba pambali kuti akawaone katswiri wokonza mapepala.