Dontho la madzi m'vinyo, mtsinje m'nyanja

Pa maphunziro a mbiri ya mpingo tafika pa akhristu a ku Ulaya a zaka za m'ma 1100 mpaka m'ma 1300, amene ankalemba za ludzu la mzimu wofuna kukhala chimodzi ndi Mulungu. Awiri mwa iwo andizunguza mutu.

Bernard wa ku Clairvaux, mkulu wa amonke ku France, analemba maulaliki 86 pa Nyimbo ya Solomo, ndipo pomwalira mu 1153 n'kuti atangofika kumayambiriro a mutu 3. Kwa iye mkwatibwi wa m'nyimboyo ndi mzimu wa munthu. Mzimuwo umayamba wapsompsona mapazi a Khristu polapa, kenako dzanja, pomaliza pakamwa. Nanga ukafika pamenepo umatsala ndi chiyani? M'buku lake lina anati umakhala ngati dontho la madzi logwera m'vinyo wambiri, limatenga mtundu ndi kakomedwe ka vinyoyo. Koma anachenjera: munthu sasanduka Mulungu, zofuna za munthu ndi za Mulungu ndizo zimalumikizana basi, ndipo pansi pano zimangochitika kamphindi.

Wachiwiri ndi mayi wina, Marguerite Porete, amene ananena zofananako m'buku lake. Mtsinje ukalowa m'nyanja umataya dzina lake, chimodzimodzinso mzimu umene watheratu m'chikondi. Anawonjezera kuti mzimu wotero umatsanzikana ndi makhalidwe abwino, suwagwiriranso ukapolo. Oweruza a mpingo anamva ngati akuloleza uchimo. Bishopu wa ku Cambrai anawotcha buku lake ku Valenciennes, Marguerite osaleka kulifalitsa. Atamangidwa anakana kuyankha omuzenga mlandu kwa nthawi yoposa chaka, ndipo pa 1 June 1310 anamuwotcha ku Paris. Bernard uja n'kuti atalengezedwa kale kuti ndi woyera mu 1174.

Kusiyana kwa chiphunzitso kulipo, sindikana. Bernard amasiya mpata pakati pa Mlengi ndi cholengedwa, Marguerite amachita ngati wautseka. Koma ine ndikukayika ngati ndi chokhacho chinamuphetsa. Bernard ankalembera amonke anzake m'Chilatini, iwo ali m'mpanda wa malamulo awo. Marguerite anali mayi wosakhala m'nyumba ya masisitere, ndipo analemba m'Chifalansa, chinenero chimene wogulitsa nsalu pamsika akanamva wina akamuwerengera.

Bukulo silinafe. Analimasulira m'Chilatini, m'Chitaliyana ndi m'Chingerezi, amonke n'kumaliwerenga osadziwa mwini wake, mpaka mu 1946 pamene Romana Guarnieri, katswiri wa mbiri wa ku Italy, anaonetsa kuti analemba ndi mayi yemwe uja anawotchedwa.