Kalata ya ku Unduna ikafika pa zoni: momwe ndimaiyendetsera mpaka pa sukulu

Ine ndi PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale m'zoni. Pamwamba panga pali ofesi ya maphunziro ya pa boma, imene tonse timangoti kwa a DEM (mkulu wa maphunziro pa boma) ngakhale mayina a maudindo akhala akusintha, kenako khonsolo, kenako likulu la Unduna wa Zamaphunziro ku Capital Hill. Chichokereni mu 1998 pamene boma linayamba ndondomeko yotula mphamvu ku makhonsolo, sukulu za pulayimale zimayang'aniridwa pa boma, koma malamulo amachokerabe ku Lilongwe. Malamulowo amabwera ngati makalata, ndipo kalata iliyonse imayenera kudutsa m'manja mwanga isanafike kwa ahedi.

Choyamba ndimafuna kudziwa ngati kalatayo ili yeniyeni. Masiku ano imafika pa WhatsApp pepala lisanafike: chithunzi chojambulidwa mopendekeka, chala cha wojambula chikuoneka pakona, sitampa yazimiririka. Ndimayang'ana nambala ya kalata, tsiku lake, amene wasaina, ndi amene akulemberedwa. Ya ku likulu imasainidwa ndi Mlembi Wamkulu wa Unduna kapena wina m'malo mwake. Ya mayeso imachokera ku MANEB ku Zomba. Nkhani za silabasi ndi mabuku nthawi zambiri zimakhudza MIE, bungwe lokonza maphunziro a m'sukulu, ku Domasi. Chimodzi chikapanda kugwirizana, ndimaimba foni kwa a DEM ndisanatumize kwa wina aliyense. Makalata akale amauka ndithu. Wina amangodula pamwamba pamene pali tsiku, n'kuiponya pa gulu, mawa lake ana theka sanabwere.

Pali makalata ena osadikira msonkhano. Sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020 chifukwa cha Covid-19, komanso namondwe wa Freddy atawononga m'chigawo cha kummwera mu March 2023, wailesi inatitsogolera tonse. Zikatere ntchito yanga ndi kuimbira ahedi mmodzimmodzi, ndipo kumene netiweki sigwira ndimatuma wakabaza. Komabe ngakhale pa changu chotere ndimawerenga kuti lamulolo likukhudza ndani. Mu January 2023 kolera atavuta, kuchedwetsa kutsegulira sukulu kunali kwa Lilongwe ndi Blantyre. Ife sitinali m'gulumo, koma makolo ena kwathu anamva mutu wa nkhani wokha n'kusunga ana pakhomo, mpaka tinachita kupempha mafumu kuti alengeze m'midzi.

Kalata ikakhala yeniyeni ndiponso yosathamangitsa, ndimakhala nayo pansi ndi cholembera. Ndimafunamo zinthu zitatu: achite ndani, pofika liti, ndi ndalama ziti. Funso lachitatulo ndi limene makalata ambiri amalilambalala. Amalemba bwino ndithu kuti sukulu iliyonse ikhale ndi ndowa zosambira m'manja, kapena kuti aphunzitsi onse a Sitandade 1 asonkhane pa TDC, malo a zoni ophunzitsirapo aphunzitsi, osanena kuti sopo kapena thiransipoti alipira ndani. Ndikaona kuti palibe, ndimafunsiratu ku boma, chifukwa ahedi adzandifunsa ine, osati Capital Hill.

Kalata imene imandidyera nthawi kuposa zonse ndi ya SIG, ndalama zimene boma limapereka kuti sukulu izitukule yokha. Pulogalamu yake, PSIP, inayamba m'maboma ochepa mu 2010 kenako inafalikira dziko lonse. Inabwera kudzatseka dzenje limene linakumbika mu 1994: fizi itachotsedwa, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, koma sukulu zinatsala zopanda ndi khobidi lomwe m'manja. Ndiye ikafika kalata yoti sukulu zikonzekere SIG, ndimaitanitsa ahedi onse pa TDC.

Msonkhanowo sindiuyamba ndi kuwerenga kalata. Ndimayamba ndi kufunsa amene sanabweze malisiti a chaka chatha, chifukwa amene sanabweze amachedwetsa za chaka chino. Pamenepo chipinda chimati zii, ena amayamba kusanthula m'zikwama. Kenako ndimawerenga ndime imodziimodzi m'Chingerezi momwe yalembedwera, n'kuinenanso m'Chichewa, n'kusankha mhedi mmodzi kuti anene m'mawu ake zimene akachite Lolemba. Apa ndi pamene zosamveka zimatulukira. Wina anakweza mkono n'kuti, "Bwana, ife tikangotenga katundu pa ngongole kwa wagolosale uja, ndalama zikalowa tidzabweza." Ndinawayankha kuti, "Ahedi, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dikirani ndalama ziyambe zaoneka ku akaunti." SIG imachedwa, nthawi zina teremu yonse, ndipo wagolosale sadziwa za Unduna, amadziwa nyumba ya ahedi.

Kuchokera pa TDC nkhani imapita pa sukulu, ndipo kumeneko ndi kumene kuli ntchito yeniyeni. Pulani ya chitukuko cha sukulu, SIP, salemba ahedi okha mu ofesi. Pamakhala komiti ya sukulu, komiti ya makolo ndi aphunzitsi (PTA), amayi a Mother Group amene amathandiza atsikana kukhalabe pa sukulu, aphunzitsi, ana angapo a makalasi akuluakulu, ndi mafumu. Ndimayesetsa kukhalapo pa sukulu zimene ndikudziwa kuti pali kukokanakokana. Timakhala pansi pa mtengo, amfumu pa mpando wa ahedi, bolodi yoyendayenda itatsamira pa tsinde. Pabolodipo ndimajambula mizere itatu molingana ndi malangizo a PSIP: magawo 50 pa 100 ndi a kukweza maphunziro m'kalasi, 40 ndi othandiza kuti ana onse abwere ndi kukhalabe pa sukulu, 10 ndi a kayendetsedwe ka sukulu.

Mizere imeneyi imathetsa mikangano yambiri, koma osati yonse. Amfumu amafuna nyumba ya mphunzitsi, ndipo sakulakwa, chifukwa mphunzitsi wokhala kutali amafika dzuwa litakwera. Koma SIG singamange nyumba, ndipo ndimawauza mosabisa: "Mfumu, ndalamazi zikalowa m'maziko zithera momwemo, ana akhala chaka chonse opanda choko." Aphunzitsi amafuna choko, mapepala a matchati, makope a masikimu, malejisitala. Amayi a Mother Group nthawi zambiri amayamba mwakachetechete, ndiye ndimachita kuwaitana: "Amayi, inu mwaona zotani?" Tsiku lina mayi wina wachikulire anaimirira, n'kumanga chitenje bwinobwino, n'kunena kuti atsikana a Sitandade 6 ndi 7 amajomba mwezi uliwonse chifukwa chimbudzi chawo chilibe chitseko, kwinako n'kumaonekera ku bwalo la mpira. Palibe mwamuna ndi mmodzi yemwe pa msonkhanowo amene anali ataganizako zimenezo. Chitseko, loko, ndowa ndi sopo zinalowa pa mzere wa 40, ndipo mtengo wake sunafike n'komwe pa wa matumba a simenti amene amfumu ankawerengera.

Ine ndimaona kuti mzere wa 40 ndi umene umanyozeka kwambiri pamene uli ndi phindu looneka msanga. Lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kuphunzira pulayimale, ndipo ndondomeko yolola atsikana amene anabereka kubwerera ku sukulu ilipo kuyambira 1993. Koma mwana wamasiye wopanda kope sabwera chifukwa cha lamulo.

Pulani ikatha, amasaina ahedi ndi wapampando wa komiti, n'kubwera nayo kwa ine. Ndimaonkhetsa ndekha manambala onse, chifukwa pulani yosagwirizana masamu imabwezedwa ku boma, ndipo ulendo wa njinga yamoto wopita ku boma si wapafupi. Ndimafananitsanso chiwerengero cha ana ndi chimene sukuluyo inapereka pa kalembera wa chaka ndi chaka wa EMIS. Sukulu imene ili ndi ana ochuluka pa pepala la ndalama koma ochepa pa pepala la kalembera imayenera kundifotokozera kaye. Zikakhala bwino ndimasonkhanitsa mapulani a zoni yonse n'kukapereka.

Ndalama zikalowa, ahedi sakatapa okha. Amapita ndi a komiti amene ali ndi siginecha ku banki. Asanagule chilichonse chachikulu amatenga makoteshoni atatu, komiti n'kusankha, n'kulemba m'buku la maminitsi chifukwa chake. Ndimawauzanso kuti amate pa khoma la ofesi, panja osati m'kati, pepala losonyeza ndalama zimene zalowa ndi zimene zagulidwa. Ahedi ena amadandaula kuti ndikuwayalutsa. Ndimawauza kuti pepalalo likuteteza iwo, chifukwa m'mudzi mukangomveka kuti ndalama zabwera, ahedi akagula wailesi yatsopano ndi malipiro awo anthu amati ndi SIG.

Pa malisiti ndi pamene ambiri amagwa. Sitolo ya m'tauni ilibe vuto. Vuto ndi kalipentala wa m'mudzi amene wakhoma chitseko chija, amene alibe buku la malisiti ndipo mwina salemba. Zikatere sindiganizira ndekha, ndimafunsa a akaunti a pa khonsolo chimene angavomereze, nthawi zambiri pepala lokhala ndi dzina, ntchito imene wagwira, ndalama, chidindo cha chala ndi mboni za komiti. Lilembedwe tsiku lomwelo, chifukwa pakapita miyezi kalipentala amakhala atapita ku Joni. Lisiti iliyonse imamatidwa pa pepala lake, motsatana ndi mizere ya pulani.

Chimasokoneza china ndi makalendala. Kuyambira 2022 chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March, pamene chaka cha sukulu chimayamba mu September. Ndiye a akaunti amafuna malipoti nthawi yomwe ahedi mutu uli pa kukonzekeretsa ana a Sitandade 8 mayeso a PSLCE. N'chifukwa chake tsiku limene ndimauza ahedi limakhala lofulumirirapo kuposa limene lili m'kalata, ndipo iwo amadziwa kuti ndimatero.

Pomaliza ndimalemba lipoti lopita kwa a DEM: sukulu zimene zatsiriza, zimene zatsala, ndi chimene chazitsalitsa. Ndimalembamonso ndime za kalata zimene sizinatheke kuzitsata pa sukulu ya kumudzi, monga makoteshoni atatu pamalo pamene pali sitolo imodzi yogulitsa misomali. Kope ya lipotilo, kalata yoyamba ija ndi mndandanda wa ahedi amene anasainira kuti anailandira ndimaziika m'fayilo imodzi pa TDC, chifukwa ma odita akabwera amayambira kufunsa pamenepo.