Tsiku limene 17 inandichotsa ulemu

Ku kalabu yathu ya alimi a nanazi kuno ku Muloza amanditchula kuti "a Masamu", chifukwa ndinaphunzitsako Sitandade 7 zaka ziwiri. Dzinali ndinkalinyadira mpaka Loweruka lapitali.

Wogula wina wa ku Limbe ananyamula nanazi zathu zonse n'kutisiyira K720,720, yoti tigawane mofanana. Nditangoiona nambalayi, mtima unachita kuti myaa. Anthuni, iyi si nambala wamba. Igaweni kwa anthu awiri, atatu, 7, 11, mpaka 16, sipatsala ngakhale tambala, ndipo palibe ina yocheperapo imene ingatero. Chinsinsi chake n'choti ndi 720 kuchulukitsa ndi 1,001, pomwe 1,001 ndi 7 kuchulukitsa ndi 11 kenako ndi 13. Zonsezi ndinazilemba pa dothi ndi kamtengo, pansi pa mango, anthu akungoyasamula. Iwo ankafuna ndalama basi.

Ndinawerenga mitu, inakwana 16. Aliyense K45,045 mu envelopu. Amayi analuluta, abambo awiri n'kukwera njinga nthawi yomweyo kulunjika ku Limbuli, ndipo mukudziwa kale zomwe anakagula.

Kenako kuseri kwa mtengo kunamveka kutsokomola.

Apongozi anga. Paja mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, ndiye maso anga anali atazungulira bwalo lonse n'kudumpha mbali imeneyo mwaulemu. Iwo sanandilankhule ine, anauza mayi wokhala nawo pafupi: "Tawafunsireni bambo a Chisomo, kodi nanazi zanga zinapita ku Limbe kukaona abale?"

Tinali 17. Ndipo 17 ndi nambala youma mutu, siigawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe, komanso mu 720,720 mulibemo. Ndinatulutsa foni manja akunjenjemera: aliyense K42,395, n'kutsala K5.

Yesani kuuza munthu amene wabisa kale envelopu m'chitenje kuti abweze K2,650. Wina anandifunsa ngati ana amene ndinawaphunzitsa aja anakhozadi mayeso. Za abambo a ku Limbuli aja, K5,300 yonse, inachoka mu envelopu yanga.

Itatsala K5 ija, apongozi anaitola, n'kumupatsa mwana wanga Chisomo.

"Kawapatse bambo ako, akagulire choko."