Msangu wa abusa

Anthu amaganiza kuti woyang'anira nazale ya mitengo amangoyendayenda manja ali kumbuyo n'kumakalipira othirira. Ayi ndithu. Ife timathamangitsana ndi kalendala. Nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala, ndipo tsikulo likakupeza mbande zisanakule, makasitomala amakuiwala mpaka chaka chamawa.

Chaka china abusa a mpingo wina anandiitanitsa mbande za msangu zoti akagawire alimi. Anasankha bwino, chifukwa msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, chimanga chimakula pansi pake popanda mthunzi, nthaka n'kumanona. Koma mbewu yake ndi yamakani. Khungu lake ndi lolimba, moti umayenera kulicheka pang'ono ndi chowengera zikhadabo, kapena kuiviika m'madzi otentha usiku wonse.

Ine ndinali pa ulendo wa ku maphunziro ku Lilongwe. Ndinamuitana mnyamata amene anali atangoyamba kumene ntchito. "Iwe, mbewu izi uziviike m'madzi otentha. Zikafewa mufese m'machubu."

"Musadandaule bwana."

Mwana uja anasonkha moto, n'kutereka mphika. Anaziphika ngati nyemba, akumakanikiza ndi chala kuti aone ngati zafewa. Zinafewadi.

Ndili ku Lilongwe ndinalandira chithunzi pa WhatsApp: machubu onse obiriwira bii. "Bwana, zamera zonse!" Chithunzicho anachijambulira patali, koma ine kunyada kunandigwira. Ndinachitumiza kwa abusa, n'kulembanso kuti, "Abusa, awa ndi manja a katswiri."

Nditabwerera, ndinatsika minibasi n'kupeza abusa afika kale pachipata ndi amayi a mumpingo, atavala yunifolomu yawo. Tinalowa limodzi, ine patsogolo, ndikufotokoza za mizu ya msangu imene imalowa pansi kwambiri. Titafika pamabedi, mawu anandithera. Mayi wina wachikulire anawerama, anathyola tsamba, analinunkhiza.

"Bambo, bonongwe ameneyu mukugulitsa bwanji?"

Manyowa amene tinasakaniza ndi dothi ndi mchenga anali a m'khola la mbuzi, odzaza ndi njere za bonongwe. Anyamata anga anamuthirira m'mawa ndi madzulo, kumumangira mthunzi wa udzu, kumuteteza ku nkhuku. Sindinaonepo bonongwe wonenepa chotero.

Abusa anandiyang'ana nthawi yaitali. "A katswiri, kodi umenewu umakula mamita angati?"

Mnyamata uja, pofuna kundipulumutsa, anathamanga n'kubwera ndi machubu angapo. Munalidi msangu weniweni, timasamba take tating'onoting'ono. Abusa anafunsa kuti nanga uwu wapulumuka bwanji mumphika. Ndinayenera kuyankha pamaso pa amayi onse kuti mbuzi zimadya nyemba za msangu, njere zimafewa m'mimba mwake, n'kutuluka ndi ndowe zitakonzeka kumera.

"Ndiye ndalama tilipire mbuzi," anatero abusa.

Amayi anathyola bonongwe yense, anadzaza zitenje, osalipira ngakhale tambala. Pano anyamata akaona ndikubwera amanong'onezana kuti a Ndiwo afika.