Othyola tiyi amene anasankha kulipidwa mochedwa

Mwa mapepala onse a kafukufuku amene anatipatsa kuti tiwerenge m'kosi ya econometrics (kuyeza nkhani za chuma ndi ziwerengero) semesita yathayi, limene landikanirira m'mutu ndi lonena za kwathu konkuno ku Mulanje. Analilemba Lasse Brune, Eric Chyn ndi Jason Kerwin, ndipo linatuluka mu 2021 m'magazini ya American Economic Review, imene akadaulo a zachuma amaipatsa ulemu kwambiri. Nkhani yake ndi ya anthu ogwira ntchito pa esiteti ya tiyi ya Lujeri. Mu 2017 anawafunsa funso lomveka ngati lachibwana: kodi mungalole kuti kampani izikudulani gawo la malipiro anu fotinaiti iliyonse, n'kudzakupatsani zonsezo pamodzi pakatha miyezi itatu, popanda chiwongoladzanja ngakhale tambala imodzi? Pafupifupi theka la anthuwo anavomera, ndipo ovomerawo ankasiya pafupifupi K14 pa K100 iliyonse imene apeza.

Mabuku a chaka choyamba amati munthu woganiza bwino sangatero. Kwacha ya lero imaposa kwacha ya mawa, makamaka m'dziko ngati lathu limene mtengo wa sopo umasintha usanamalize kumuchapira. Wokupatsa ndalama yako mochedwa ayenera kuikapo kenakake pamwamba. Koma apa pali anthu osauka, othyola masamba pamvula ndi dengu kumsana, amene akuti "ndisungireni, ndidzatenga nyengo ikatha", ndipo sakupempha kanthu.

Nditabwera kutchuthi ndinawasimbira azakhali anga nkhaniyi. Iwo athyola tiyi zaka zambiri pa esiteti ina ya kufupi ndi kwathu, ndipo dzanja lawo lamanja lili ndi mizere yakuda m'zala imene sichoka ngakhale atasamba bwanji. Ankasenda chinangwa, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Iwe, kusukulu kwanuko akukuphunzitsani zimene aliyense akuzidziwa?"

"Ayi azakhali, funso ndi lakuti n'chifukwa chiyani munthu angalole osapatsidwa chiwongoladzanja."

"Ndalama ikakhala m'nyumba siigona, mwanangu. Lero maliro, mawa mwana wa achimwene wadwala, mkuja ndi tsiku la msika ku Limbuli. Ikakhala ku ofesi, wobwera kudzapempha umamuuza kuti palibe, ndipo sunanene bodza."

Anawonjezera kuti chipereganyu n'chabwino pokhapokha amene walandira koyambirira akapanda kuthawa, ndipo ku banki mkhonde ndalama yako imayenda ndi ngongole za anthu ena. Banki yeniyeni ili ku boma, ndiye uchotsepo ya minibasi kupita ndi kubwera, ndi tsiku limodzi la ntchito.

Ngati azakhali ankadziwa kale yankho, ndiye akatswiriwo anawonjezerapo chiyani? Apa ndi pamene kosi yonse inayamba kundimvekera. Kudziwa chifukwa chimene anthu amafunira chinthu n'kosiyana ndi kudziwa ngati chinthucho chimasinthadi moyo wawo. Mukanangoyenda m'midzi patapita zaka ziwiri n'kuwerenga nyumba za malata, mukanapeza kuti amene anasungitsa ndalama ali ndi malata ambiri kuposa amene anakana. Koma mwina ovomerawo anali kale anthu osamala ndalama, amene akanafolera ndi malata ngakhale pakanapanda dongosololi. Zili ngati kuthira feteleza m'munda wa kudambo, kusiya wa kumtunda wopanda feteleza, kenako n'kumatamanda fetelezayo chifukwa chimanga cha kudambo chachita bwino. Choncho ofufuzawo anatenga okhawo amene anati akufuna, n'kuwachitira maere: ena alowe, ena asalowe. Magulu awiriwo anali a anthu a mtima umodzi pa nkhani ya kusunga, osiyana pa mwayi wa maere basi. Ndalama zitatuluka, gulu lolowa linagula kwambiri zinthu zofuna ndalama yambiri nthawi imodzi, ndipo patapita zaka ziwiri, dongosololi litabwerezedwa, ambiri mwa iwo anali atakonza madenga a nyumba zawo kuposa anzawo aja.

Anayesanso china chimene ndinachikonda kwambiri. Ena anawauza kuti kampani siziwadula yokha, koma azilandira malipiro onse m'manja kenako azikapereka okha gawo losungitsalo. Ndalama zosungidwa zinatsika. Munthu yemweyo, cholinga chomwecho, koma ndalama ikangokhudza chikhatho nkhani imasintha. Ndiye kuti si abale opempha okha amene munthu amawathawa, amadzithawanso yekha.

Komabe tisathamangire kunena kuti osauka ndi owononga. Brune ndi Kerwin anachitanso kafukufuku wina ku Mulanje komweku, amene anatuluka mu 2019, momwe anthu ena ankalipidwa Lachisanu, ena Loweruka tsiku la msika, pamene kachasu, kanyenya ndi zovala za kaunjika zili pamaso. Ambiri tikanalumbira kuti olipidwa pa msika amwaza ndalama zambiri pa zosangalatsa. Sizinaoneke choncho. Zimene timakamba pa bawo zokhudza amphawi ndi ndalama zawo, zina n'zoona, zina n'zongotengera kwa ena, ndipo popanda kuyesa sitingazisiyanitse.

Funso lakuti "ukuyerekeza ndi ndani?" linandipezanso pa asainimenti yanga. Ndinatenga data ya kafukufuku wachisanu wa mabanja, IHS5, amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inachita mu 2019 ndi 2020, ndipo aliyense angathe kuipeza pa intaneti. Ndinatsata njira ya Jacob Mincer ya mu 1974, yoona mmene malipiro a munthu amayendera ndi zaka zimene anakhala pa sukulu komanso zaka zimene wagwira ntchito. M'maiko ambiri njira imeneyi imaonetsa kuti chaka chimodzi cha sukulu chimayenda ndi malipiro okwera ndi 9 kapena 10 pa 100. Ndinalemba lamulo lake mu Stata, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera data, kudina, ndipo nambala inatuluka yokongola, nyenyezi zitatu pambali pake zosonyeza kuti n'zovuta kuti nambala yotere ingotuluka mwangozi. Aphunzitsi athu anaiyang'ana nati, "Chabwino. Tsopano tandiuzani, mwana wa akalaliki a pa esiteti ndi mwana wa wothyola masamba, ndani amafika folomu 4?"

Yankho tonse tikulidziwa. Wofika folomu 4 nthawi zambiri ndi amene kwawo kunali fizi, nyali yowerengera, ndiponso amalume amene angamulankhulire ntchito ku Limbe. Malipiro ake akakhala okwera, gawo lina ndi la sukulu, lina ndi la zinthu zimenezi, ndipo kuwerengera kwanga kuja kunaunjika zonse pa sukulu. Palinso vuto lina limene ndi lathulathu: anthu ambiri mu data imeneyi alibe malipiro apamwezi. Ndi alimi, a ganyu, ogulitsa nanazi ndi mapeyala m'mbali mwa msewu wa ku Muloza. Amene ndinatsala nawo m'kuwerengera kwanga ndi kagulu kochepa ka olembedwa ntchito, ndipo kagulu kameneka sikaimira Malawi.

Sungachite maere kuti mwana uyu aphunzire, uyu asaphunzire. N'chifukwa chake akatswiri amasaka malo amene moyo unachita wokha maere. Joshua Angrist ndi Alan Krueger mu 1991 anagwiritsa ntchito miyezi imene anthu anabadwa ku America, popeza lamulo lokakamiza ana kukhala pa sukulu linkachititsa kuti obadwa miyezi ina aphunzire motalikirapo pang'ono. David Card anayang'ana anthu amene anakulira pafupi ndi koleji. Esther Duflo anatsata ana a ku Indonesia, kumene boma linamanga masukulu a pulaimale oposa 61,000 m'zaka za m'ma 1970, n'kuyerekeza amene anali a msinkhu wopindula nawo ndi amene anali atakula kale. Ife tili ndi 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulaimale ndipo ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Koma chaka chimenecho sichinangowonjezera zaka za sukulu. Chinadzazanso makalasi, ana ena n'kumaphunzirira pansi pa mtengo, ndi aphunzitsi olembedwa mwachangu asanaphunzitsidwe mokwanira. Chaka cha sukulu cha 1992 ndi cha 1996 si katundu mmodzi, ngakhale kompyuta imaziwerenga mofanana.

Za kukula kwa chuma ndi kusiyana kwa olemera ndi osauka tinazithamangira kumapeto kwa semesita, ndipo ndikanakonda tikanakhalapo nthawi yaitali. Simon Kuznets mu 1955 ananena kuti dziko likayamba kutukuka kusiyanaku kumakula kaye, kenako n'kuchepa. Anthu amamutchula ngati anapeza lamulo la chilengedwe, pamene mwini wakeyo anali ndi manambala a maiko ochepa olemera, America, England ndi Germany, ndipo anavomera kuti mbali yaikulu ya zimene analembazo inali yongoganizira.

Za kwathu ndi zimene zimandisowetsa tulo. Pakati pa 2005 ndi 2010, nthawi ya Bingu wa Mutharika, mwana wa ku Thyolo, makuponi a feteleza atayamba, chuma cha dziko chinkakula ndi pafupifupi 7 pa 100 chaka chilichonse. Koma manambala a boma anaonetsa kuti umphawi unangosuntha pang'ono, kuchoka pa 52.4 pa 100 mu 2004/05 kufika pa 50.7 mu 2010/11, ndipo kumidzi sunatsike n'komwe. Muyeso wa Gini, umene umakhala 0 ngati onse ali ndi zofanana ndi 1 ngati zonse zili ndi munthu mmodzi, unakwera kuchoka pa 0.39 kufika pa 0.45. Ndikawerenga zimenezi ndimaona msewu wochoka ku Thyolo boma kudzera ku Luchenza mpaka kuno: minda ya tiyi yobiriwira mpaka kumene maso alekezera, ndipo m'mphepete mwake timinda ting'onoting'ono momwe chimanga, nandolo ndi chinangwa zapanikizana pa mzere umodzi. Tiyi akagulidwa bwino pa okushoni ku Limbe, nambala ya chuma cha dziko imakwera. Kuti ndalamayo yafika m'nyumba zingati, nambalayo siinena.

Kenako tinawerenga zimene Karl Pauw, Ulrik Beck ndi Richard Mussa anapeza atabwerezanso kuwerengera pogwiritsa ntchito data yomweyo. Iwo anapeza kuti umphawi unatsika kwambiri kuposa mmene manambala a boma ananenera, kumidzi komwe. Chimodzi mwa zimene anakonza ndi chinthu chooneka chaching'ono: kasinthidwe ka miyeso ya pa msika kupita ku makilogalamu. Wofunsa mafunso akafika pakhomo amafunsa zimene banja ladya masiku 7 apitawo, ndipo palibe mayi amene amayankha kuti tadya magalamu akutiakuti. Amati mulu umodzi wa tomato, ndowa ya chimanga, mbale ya nyemba, phava la nthochi. Wina ku ofesi ayenera kugamula kuti mulu ndi makilogalamu angati. Tsono mulu wa ku Chitakale nthawi ya zokolola ndi mulu wa mu February ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ndowa zili ndi misinkhu yake. Popeza banja losauka limathera gawo lalikulu la chuma chake pa chakudya, monga Ernst Engel anaonera kale mu 1857, kulakwitsa pang'ono pa mulu kumakankhira mabanja ambirimbiri kutsidya lina la mzere wa umphawi. Sindikunena kuti ziwerengero n'zabodza. Ndikunena kuti amene sanagulepo tomato wa pa mulu sayenera kusiyidwa yekha ndi data imeneyi, ndipo ife amene tinakulira pa misika imeneyi tili ndi chonena, tikangolimbikira masamu ake, amene kunena zoona ndi owawa.

Chaka chamawa ndiyenera kulemba kafukufuku wanga womalizira, ndipo mutu wake ndaupeza pa nkhani ya malipiro ochedwa ija. Mu 2017 mitengo ya zinthu inkakwera, koma osati ngati mu 2023 ndi 2024. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu November 2023, ndipo m'zaka ziwiri zija mitengo inkakwera ndi kupitirira 25 pa 100 pa chaka. Munthu amene wasungitsa ndalama ya malata 10 mu February angadzapeze kuti pofika May ikugula ochepera pamenepo. Pakati pa zaka zimenezi panadutsanso namondwe Freddy mu March 2023, amene anagwetsa nyumba zambiri ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo banja limene linaona khoma likugwa usiku lingafune ndalama ili pafupi, osati yotsekeredwa ku ofesi. Ndikufuna kudziwa ngati othyola tiyi a lero angavomerebe dongosolo lija, ndiponso ngati angasankhe kuti m'malo mwa kwacha aziwasungira lata lenilenilo kapena thumba la feteleza pa mtengo wa tsiku limene adulidwa. Ndalama zochitira maere pa anthu mazanamazana ndilibe, choncho ndiyamba ndi mafunso ochepa kwa magulu a banki mkhonde a m'midzi yozungulira Limbuli, ndipo azakhali avomera kundiperekeza kwa atcheya a gulu lawo Lamulungu akaweruka ku tchalitchi.